Mphete ya 1,000,001

Ku ofesi yojambula mapulani a nyumba kunali mnyamata amene anzake ankamutcha Zotsala, chifukwa akaona nambala, kaya ya galimoto kaya ya pachitseko, ankayamba kuigawa m'mutu kuti aone chotsala. Masana, dzuwa likasuzumira pawindo, iye ankaona manambala akuyandama m'kuwalako pamodzi ndi fumbi, mwakachetechete ngati nthenga.

Tsiku lina inamutera nambala yokongola: 1,000,001. Wani uku, wani uko, pakati maziro asanu ali ndondondo ngati miyezi yathunthu. Zotsala anali pafupi kufunsira ukwati bwenzi lake, mphunzitsi wa masamu, ndipo ankafuna kulemba m'kati mwa mphete nambala yosagawika, ija imene palibe ina ingaigawe popanda chotsala, kupatula wani ndi iyo yomwe.

Atafika kunyumba anayesa 3, inakana. Anayesa 7, 11, 13, mpaka 97, zonse zinabwerera chimanjamanja. Atafika pa 100 anaika pensulo pansi.

"Achimwene, paja munati muyenera kuyesa mpaka 1,000?" anafunsa mlongo wake akusita malaya. "Foni yanuyo ikhoza kumaliza madzi a tiyi asanawire."

"Taiyang'ana nkhope, iwe. Nambala yooneka chonchi ingagawike?"

Kunena zoona, anali ataikonda kale moti ankaopa kuifunsa zambiri. Wozokota mphete anailemba momwemo.

Loweruka masana, atakhala pabenchi pansi pa mtengo ndi bwenzi lake lija, Zotsala anatulutsa mpheteyo.

"Wani uyu ndiwe, uyu ndine. Nambalayi siigawika, ifenso chimodzimodzi."

Mphunzitsi uja anaizunguza padzuwa, maso akunyezimira. "Wayesa zonse?"

"Zonse, mayi wa masamu."

Mphunzitsiyo anaivala, ndipo kwa milungu ingapo ankayenda ngati sakuponda pansi. Tsiku lophunzitsa za manambala osagawika litakwana, analemba 1,000,001 pabolodi monyadira, nauza ana kuti aone mmene nambala youma mutu imakanira. Anaigawa ndi 89, inakana. Ndi 97, inakana. Akumwetulira anaigawa ndi 101, choko chikuyenda chokha, ndipo yankho linatuluka 9,901. Chotsala panalibe. Mwana wina kumbuyo kwa kalasi anaseka.

Masana omwewo anafika ku ofesi ija, choko chikadali m'zala, naika mphete pamwamba pa pulani imene Zotsala ankajambula.

"Unalekera pa 100, eti? Khomo lotsatira linali losatseka."

"Wokondedwa, ndi nambala chabe. Tikalembetsa ina."

"Nambalayo sindikuiimba mlandu, siinandinamizepo. Ine ndinafunsa iwe, ndipo unati zonse. Nanga mawa ndikadzakufunsa za zinthu zimene sindingathe kuziyesa pabolodi?"

Mphunzitsi uja anatuluka, natseka chitseko pang'onopang'ono, ngati munthu wosafuna kudzutsa wogona.

Akuluakulu sananame: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.