Mbuzi ya Chipewa Chofiira m'Kabati

Panali mayi wina, telala wa pakhonde ku Chilomoni, amene anali ndi mwana mmodzi yekha, wamkazi, dzina lake Mwandida. Mwanayo atayamba kuyankhula bwinobwino, mayi ake anati, "Wangayu sindimutumiza ku sukulu ya mkomba phala. Kumeneko amangokatengako chimfine. Ndimuphunzitsa ndekha pakhomo pano ndi mabuku a zithunzi."

Maganizo abwino, amayi anzanga, palibe angatsutse. Vuto linabuka posankha mabukuwo.

Anafunsa mayi busa, iwo anati agule a nkhani za m'Baibulo. Anafunsa mlamu wake wa ku Lilongwe, iye anati, "Achingerezi okhaokha, mlamu, mwana azilota m'Chizungu." Anzake a pagulu la pafoni nawo, aliyense ndi ake. Paja amati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Mvula inagwa, chimanga chinacha, anthu anakolola, mayi uja akusankhabe.

Tsiku lina anabwera nawo ndithu. Anali mabuku angapo omangidwa pamodzi, okutidwa pulasitiki yonyezimira. Pachikuto cha buku lapamwamba panali mbuzi yovala chipewa chofiira, ikuyenda pamsewu mothamanga.

Mwandida anathamangira, manja ali noninoni ndi mafuta a mandasi.

"Iwe! Manja amenewo!" anakuwa mayi ake, nakweza mabukuwo m'mwamba.

Kenako anachita zimene tonsefe timachita. Anatsegula kabati ya magalasi ya pabalaza, naimika mabukuwo pakati pa mbale za alendo ndi makapu a pa ukwati, natseka ndi kiyi. Musayang'ane pansi, nonsenu muli nayo kabati imeneyi, inenso ndili nayo. Ndi mmene tinakulira: chinthu chikakhala chokongola, ncha alendo, mwana wa pakhomo azingochionera pagalasi.

Kuyambira tsiku limenelo Mwandida ankati akadzuka, amakaima pakabatipo, mphuno atakanikiza pagalasi.

"Amayi, mbuzi ija ikupita kuti?"

"Tidzaona mawa, mwanangu."

Mayiyo sanali wankhanza ayi. Mwana wake ankamukonda kwambiri. Koma ankafuna sukulu yake iyambe mwadongosolo. Poyamba ankadikira kalipentala amukhomere katebulo ndi kampando. Katebulo katabwera, inali nyengo ya mayunifomu, makina osapuma. Mayunifomu atatha, mnzake wina anamunong'oneza kuti kusitolo kwabwera mabuku ena oposa amenewa, ndiye anaganiza zokasinthitsa. Nanga akanachotsa pulasitiki, kusitoloko akanawalandira? Choncho pulasitiki inakhala, ndipo mayi anayambanso kusankha. M'mawa uliwonse ankatenga kansalu nkupukuta tizala ndi kamphuno pagalasi paja, akudandaula kuti mwanayu samva.

Ndiye kunabwera malungo. Mukuwadziwa malungo, sagogoda. Mwandida anamugoneka m'chipatala, ndipo mayi ake ndi mng'ono wawo ankamudikirira pambali pa bedi. Mwana uja wolongolola anangoti zii, osadya, osalira.

M'mawa wina anatsegula maso, nayang'ana mayi ake.

"Amayi, mbuzi ija inafika?"

Inafika kuti? Mayiyo sankadziwa. Buku analisankha yekha, analigula yekha, ankaliona tsiku ndi tsiku, koma tsamba ngakhale limodzi anali asanalitsegule.

"Dikira, mwanangu, ndikukaitenga mbuzi yako. Usagone."

Anasiya mwana m'manja mwa mng'ono wake, nakwera minibasi. Atafika kunyumba anafuna kiyi pansi pa matilesi, m'chitini cha mabatani, m'matumba a madiresi. Kiyi osaoneka. Anali atamubisa bwino kwambiri poopa mwana. Pamenepo anatenga simbi yake ya makala, naphwanya galasi la kabati. Mbale za alendo zinagwa nkusweka, iye osacheuka. Anakumbatira mabuku aja, nathamanga.

Asanalowe m'chipinda cha odwala, anamva kulira. Mawuwo anawazindikira. Anali a mng'ono wake.

Maliro atatha, anthu atabalalika, mayi uja anakhala pansi pabalaza, pafupi ndi kabati yosweka. Anang'amba pulasitiki ija ndi mano. Kabukuko kanali ka masamba owerengeka, koti munthu nkuwerenga konse madzi a tiyi asanawire. Mbuzi inawoloka mlatho, inadutsa pamsika, mphepo inafuna kuilanda chipewa koma inagwiritsa. Patsamba lomaliza inafika kwa amayi ake, kukawaonetsa chipewacho. Basi. Nkhani yonse inali yomweyo.

Analira mayi uja, analira mpaka mawu kusasa. Kenako anayamba kutola zidutswa za galasi chimodzichimodzi, akuziunika padzuwa, kuti mwina apezepo kachala ka Mwandida. Sanapezepo kanthu. Anali atapukuta bwinobwino.

Amayi anzanga, mwandifunsa kuti mabuku abwino ophunzitsira ana pakhomo ndi ati, achichewa kapena achingerezi, a zilembo kapena a nyama. Sankhani, sindikukuletsani, koma musakalambire posankha. Ine mtima umandiwawa ndikalowa m'nyumba nkupeza buku la mwana lili loyera ngati mbale ya alendo. Buku labwino ndi lomwe lili ndi mafuta a mandasi pakona, lomwe tsamba lina linang'ambika inu nkulimata ndi phala. Mukafika kunyumba lero, musayambe mwavula nsapato. Tsegulani kabatiyo, mukhazike mwana pamiyendo, ndipo akakufunsani kumene mbuzi ikupita, mumuyankhe lero lomwe.