Tsiku limene Mayi Gwanda anapita kukagula duku ku Glasgow

Mayi Sabina Gwanda anapuma ntchito ali mphunzitsi wamkulu kwawo ku Ntcheu, ndipo Chingelezi anachiphunzitsa moyo wawo wonse. Koma atafika ku Glasgow kudzaonerera ubatizo wa mdzukulu wawo Atupele, Chingelezi cha kumeneko chinawakana. Woyendetsa basi akalankhula, iwo ankamva ngati munthu akukukuta chimanga chokazinga. Ankangogwedeza mutu n'kumwetulira, koma mumtima zikuwawa.

Loweruka m'mawa, mwana wawo Ketrina, yemwe anali namwino, ankathamangira kuntchito.

"Amayi, jakisoni wa shuga mwabaya kale, ndiye idyani kaye. Duku loyera lovala mawa ku ubatizo tikagula limodzi ndikaweruka."

"Iwe, ndinayamba kuyenda ndekha usanabadwe. Ndingasochere pokagula duku?"

Ketrina atangotuluka, mayiwo anangomwa tiyi osadya kanthu, navala chijasi, n'kutsika masitepe. Foni anaisiya pa chaja.

Msewu wa ku Govanhill, dera limene Ketrina ankakhala, unawatenga mtima. Mashopu a amwenye anali waliwali ndi nsalu zonyezimira, therere ndi mango zili m'makatoni panja pozizira, fungo la tsabola ndi adyo likutsamwitsa, aliyense akulankhula chakwawo. Duku loyera sanalipeze, choncho anakwera basi yopita m'tauni. Woyendetsa anawafunsa kanthu, iwo anangogwedeza mutu. Basi inawoloka mtsinje, inapyola mashopu akuluakulu, ndipo pamene ankatsika anapezeka pakati pa nyumba zamiyala zofanana ngati mazira a nkhuku imodzi. Chiperoni chinayamba kuwaza.

Pofuna pousa, analowa pachitseko china chimene chinali chotsegula. Pakhonde panali mzere wa nsapato, ndipo lubani ankanunkhira. M'kati anthu anakhala pansi atapinda miyendo, maso ali tsinzi. Kutsogolo kunali chiboliboli chagolide cha munthu wokhala phee, maluwa ndi makandulo zitachizungulira. Mayi Gwanda anazindikira kuti ali m'kachisi wa Abuda, amene ankangowawerenga m'mabuku a sukulu. Bata la m'menemo linali loti ukhoza kumva nyerere ikuyenda, koma iwo ankangomva mtima wawo ukugunda ngati mtondo. Shuga anali atayamba kutsika m'thupi.

Mayi wina wometa mpala anawayandikira n'kunong'ona pang'onopang'ono.

"Simukuoneka bwino, mayi. Khalani pansi, kuli tiyi ndi mabisiketi."

Mawu amenewa anawamva onse, ndipo thupi linkafunadi kanthu kotsekemera. Koma anadzifunsa kuti, ine mayi wa Mvano, mphunzitsi wamkulu, ndiulule kwa eni kuti ndasochera ngati mwana?

"Ndili bwino, zikomo," anatero, n'kutuluka.

Panja thukuta linkatsika ngakhale kunali chisanu cholowa m'mafupa. Magalimoto ankaoneka awiriawiri. Anayesa kukumbukira dzina la msewu wa Ketrina, koma linkaterera m'mutu ngati mlamba. Mantha anawagwira. Analowa m'kashopu kuti agule maswiti, koma wogulitsa atawafunsa funso lothamanga, anthu ali pamzere kumbuyo kwawo, manyazi anawakuta. Anabweza maswitiwo pashelefu n'kutuluka chamutu.

Sanadziwe kuti ayenda mtunda wotani pamene anamva ng'oma. Kulira kwake kunawakumbutsa kumudzi, ndipo miyendo inalondola yokha. Amayi ovala nsalu zofiira, zachikasu ndi zobiriwira ankakwera masitepe a nyumba ina yaikulu atanyamula mbale za zipatso. Mayi Gwanda anakwera nawo mpaka pakhomo. Anali kachisi wa Ahindu. M'katimo munali moyo wokhawokha: mabelu akulira, anthu akuimba n'kumaomba m'manja, ana akuthamanga opanda nsapato. Ziboliboli zinavekedwa zovala zagolide ndi nkhata za maluwa, china chili ndi mutu wa njovu, ndipo wansembe ankazunguza nyali yamoto patsogolo pake. Ponseponse pankanunkhira mkaka wophika ndi shuga.

Bambo wina wachikulire, wa kadontho kofiira pachipumi, anawatambasulira mbale ya tizakudya totsekemera.

"Lowani, mayi. Pano aliyense amadya."

Mankhwala awo anali pomwepo, pamphuno. Koma anaona maso onse ngati akuyang'ana iwo, mlendo wonyowa, wonjenjemera ngati woledzera. Anapukusa mutu n'kutembenuka mofulumira. Masitepe anali onyowa, ndipo anaterereka n'kugubuduzika mpaka pansi.

Atatsitsimuka anapezeka mutu wawo uli pamiyendo ya mmodzi mwa amayi a m'kachisimo, amene ankawapaka uchi m'kamwa. Ena anawafunditsa nsalu zawo zokongola zija, bambo wachikulire uja atawagwirira ambulera, mvula ikumunyowetsa yekha. Ankafuna kudzuka, koma ululu wa m'chiuno unawakuwitsa ngati mwana.

Nthawi yonseyi Ketrina anali ataimba foni mpaka kutopa. Anapempha kuweruka msanga, nazungulira misewu ya Govanhill akufunsa m'shopu iliyonse, misozi ili mbwembwembwe. Anawapeza madzulo kuchipatala china, kumene namwino wina wa ku Malawi yemwe ankapemphera naye anawazindikira n'kumuimbira foni. Fupa la m'chiuno linali litathyoka.

Lamulungu, pamene abusa ankathira madzi pamutu pa Atupele, agogo ake amene anawoloka nyanja chifukwa cha tsiku limeneli anali chagada pabedi, kudikira opaleshoni. Ketrina atabwera kuchokera kutchalitchi, mayiwo anamufotokozera ulendo wonse, osabisa kanthu.

"Amayi, anthu onsewo kukupatsani chakudya, inu n'kukana? Mukanangoti ndili ndi shuga, basi."

"Ndinaopa kusekedwa, mwanawe."

"Nanga mutagwa, alipo anaseka?"

Mayi Gwanda anayang'ana mvula pawindo.

"Palibe. Anandinyamula ngati mayi wawo."

Anachira, koma mpaka lero amayenda ndi ndodo. Thandizo linawatsata khomo ndi khomo, iwo akulithawa chifukwa choopa maso a anthu. Akuluakulu sananame pamene anati mbewa yamanyazi inafera kuuna.