Maso a Bambo Kadzamira ndi Madisiki Amapasa

Kalekale, pamene ine ndinkadya mbuzi yathunthu ndekha n'kufunsa za ndiwo, m'boma mwathu munali a Kadzamira ndi akazi awo Nachisale, muulutsi wa pa kawayilesi ka komweko. Mawu a mayi ameneyo, anthuni, ngakhale abulu ankaima pamsewu kuti amvere. Nachisale atamwalira, a Kadzamira anagwa pamphasa, osadzukanso. Anaitana ana awo atatu nati, "Amene andimvetse mawu a mayi wanu, ndiye adzanditseke maso."

Mawuwo anali mu seva ya kuwayilesi, chikompyuta chosunga zinthu, cholemera moti amuna khumi anachilephera, ndinachita kukachinyamula ine kukhwapa.

Woyamba kubadwa, Tinenenji, ankagwira ntchito komweko. Ndiye amene kale anaikamo madisiki awiri amapasa, timbale tosungiramo mawuwo: chimene yalemba iyi, inzake yalembanso, ngati munthu ndi kalilole. Mphenzi itawomba wayilesi, seva inapsa pamodzi ndi disiki imodzi, koma inzake inatsala ndi mawu onse. Tsono atabwereka seva ina, Tinenenji anafuna kuipatsa disiki yamasiyeyo mnzake watsopano. Misozi ili m'maso, anasemphanitsa. M'malo moti yopanda kanthu itengere yodzaza, yodzaza inayamba kutengera yopanda kanthu. Mayi awo anayamba kufufutika akuona.

"Mayo ine, ndawapha kachiwiri!" anakuwa, manja kumutu, osasuntha.

Wachiwiri, Msaiwale, za makompyuta sankazidziwa. Anangomva kukuwako, nalumpha, n'kuzula chingwe kukhoma. Kudumpha kwake ndinakuona ndekha, anapitirira denga. Kufufutako kunaima. Koma kuzula kwa nkhanza kuja kunavulaza disikiyo, n'kungotsala kachigawo kochepa.

Wotsiriza, Ganizani, anafika kuchokera ku Joni, iye amene pamaliro a mayi ake sanaoneke. Anapeza kuti zotsalazo zimangotseguka pa makina akale aja, amene anapsa. Anaika mu seva yobwerekayo pulogalamu yogawa makina amodzi kukhala ambiri, monga mmene mumadulira zipinda m'nyumba imodzi. M'chipinda china anaumbamo makina akalewo, ongoyerekeza, opanda chitsulo n'chimodzi chomwe, koma disiki inawazindikira ngati kwawo.

Anatengera sevayo pamphasa ya bambo awo. Inayamba yakhosomola, kenaka Nachisale anamveka, bwinobwino ngati ali pakhomo: "Pulogalamu yathu yathera pomwepa. Inu bambo a kunyumba, ndikudziwa mukumvera, anulani zovala pachingwe, kukubwera mvula."

A Kadzamira anadzuka pang'ono. "Ndamva, mayi. Ndikupita." Anafufuza nsapato ndi phazi, n'kubwerera chagada. Basi. Maso ali tong'o, kuyang'ana kukhomo.

Ine amene sindinalirepo ngakhale tsiku lobadwa, ndinanyowetsa malaya mpaka kuchita kufinya.

Tinenenji anatambasula dzanja kuti awatseke maso. "Popanda mapasa anga, mphenzi ikanatenga zonse."

"Alongo, bwezani dzanjalo," anatero Msaiwale. "Mapasa anuwo ndi amene anawadya amayi. Ndinawalanditsa ndine."

"Kulanditsa kapena kuthyola?" anafunsa Ganizani. "Achimwene, inu munatsala ndi chitsulo chosalankhula. Amene ndawatsegula pakamwa ndine."

"Iwe khala chete!" anakalipa Msaiwale. "Amayi tinawaika popanda iwe. Lero wadziwa njira ya kwanu?"

Ganizani anagwada, nalira ngati mwana. Enawo nawonso analira. Amayi a pamudzi anali atadzaza kale pakhonde, kudikira kuti maliro alengezedwe, koma palibe mwa atatuwo analimba mtima kukhudza nkhope ya bambo ake, ndipo palibe analola mnzake.

Ine ndinaweruzapo milandu yoposa tsitsi la m'mutu mwangamu, koma nkhani iyi yandikanika. Thupi likuzizira, abale anga, ndipo maso sadikira. Ndiuzeni inu: atseke maso a Kadzamira ndani, amene anasunga mawu n'kuwafufuta yekha, amene anawapulumutsa powavulaza, kapena amene anawadzutsa koma mayi ake sanawaike?