Kanyanga ka Selula

Bernadete anabwera kwawo ku Ulongwe kudzadwazika amayi ake, koma mtima anausiya ku Maputo, m'laboratoriyo momwe ankalera maselula, tizigawo ta thupi la munthu tosaoneka ndi maso. Selula imakhala ndi kanyanga komvera zochitika kunja kwake. Iye ankafuna kudziwa ngati mankhwala ena ake amakatalikitsa kapena kukafotetsa, ndipo maphunziro ake onse anatsamira pa yankho limenelo.

M'mawa wina ali pakhonde, Gerson, mnzake wa m'laboratoriyo, anatumiza zithunzi pa telefone. Abambo a Bernadete, a Arcanjo, anasendeza mpando pafupi.

"Timatumba tadzaza m'katiti n'chiyani?"

"Selula ikudzidya, ababa. Ikukulunga za m'mimba mwake n'kumazigaya."

Bernadete anaimbira Gerson pomwepo. "Thira mankhwala oletsa kudzidyako m'mbale zonse zolereramo maselula. Andifera maselulawa."

"Tiyembekeze Lachisanu, tione kumene zikulowera," anatero Gerson.

"Nkhuku ikamadya mazira ake umayembekeza Lachisanu? Thira lero!"

Gerson anathira, koma mankhwalawo anamuthera mbale imodzi isanalandire.

Lachisanu zithunzi zinafika. M'mbale zothiridwa zija maselula anali amoyo ndithu, koma tinyanga tawo tinali tizitsa chabe. M'mbale yotsalayo, momwe anadzidya mosaletsedwa, tinyanga tinali titasolomoka ngati mphukira za nyemba mvula itagwa.

Bernadete anakuza chithunzi, n'kuchikuzanso. Patsinde pa kanyanga kalikonse panali poyera ngati posesa.

"Ndiye selulayo siinkadzipha?" anafunsa a Arcanjo.

"Zikuoneka kuti inkalambula njira. Inkagaya zimene zinatsekereza kanyanga."

"Imadziwa bwanji choti igaye ndi choti isiye?"

"Sindikudziwa, ababa. Ndikanangozisiya, mwina bwenzi ndikukuyankhani."

Mbale imodzi si umboni. Aprofesa ake anamuuza kuti ayambirenso kulera maselula, ndipo mwambo wotsiriza maphunziro unamupita chaka chimenecho. Zinamuwawa, koma funso la abambo ake linkamuyabwa kuposa manyazi. Amayi ake atachira, anakwera chapa, minibasi ya ku Tete, ulendo wobwerera ku Maputo, akuwerengera m'mutu mbale zatsopano.

Ulendo uno maselula atayamba kudzidya, anapinda manja n'kungopenya, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.