Madontho Ofiira ndi Mwana Wopanda Dzina

Kalekale, koma osati kale loiwalika, panali ana anayi a mimba imodzi: Fatsileni, Yotamu, Ndaziona ndi mzime wawo Siliya. Atatu oyambawo ankagwira ntchito zachipatala, aliyense kwake. Siliya anapita ku chitengwa kutsidya kwa dambo la mpunga, m'mudzi wa Kamphinda, ndipo chaka chimenecho anali ndi pakati pake poyamba.

Mvula itagwa, malungo anabwera monga mwa chaka chilichonse. Chachilendo chinali chakuti sankachoka. Munthu ankamwa mankhwala a masiku atatu aja, n'kudzuka, n'kupita kumunda, koma pakangotha sabata ziwiri n'kugwanso. Kuchipatala ankakalipira odwala kuti, "Simukumaliza mankhwala inu! Mukangopezako bwino, otsalawo mumasungira ana."

Fatsileni anali wazaumoyo woyenda m'midzi panjinga, ndipo mawu amenewa sanamukhazike mtima pansi. Anasankha odwala khumi ndi awiri n'kumawamwetsa yekha, m'mawa ndi madzulo, maso ali pakhosi mpaka m'bulu utatsika. Asanu anadwalanso. Kuyambira tsiku limenelo sanaonenso mpando. Ankabaya chala cha wodwala aliyense, kudonthetsa magazi pakapepala, kuumitsa pamthunzi, n'kulembapo mudzi ndi tsiku. M'mudzi wina anamuthamangitsa ndi miyala akumunena kuti ndi namapopa. Mlatho utakokoloka anawoloka madzi akulekeza m'chiuno, timapepala atatikulunga m'pulasitiki pamutu. Anatumiza kutauni timapepala mazana awiri.

Yotamu anali woyeza magazi mu labotale ya kutauniko. Tizilombo ta malungo timaoneka chimodzimodzi pa maikulosikopu, kaya timamva mankhwala kaya ayi. Kusiyana kwake kumabisala mkati, m'chibadwa chake. Yotamu anafufuza mmenemo ndipo pa timapepala makumi atatu anapeza kuti tizilomboto tasintha. Bwana wake anapukusa mutu nati, "Wadetsa magaziwa iwe. Kuno kulibe zimenezo." Yotamu anayambiranso. Magetsi anathima makina ali pakati pa ntchito, anayambiranso. Kachitatu zotsatira zinali zomwezo, ndipo bwanayo atamupatsa lipoti lonena kuti zonse zili bwino, anabweza cholembera osasaina.

Ndaziona sankaona wodwala ndi mmodzi yemwe. Ntchito yake inali kujambula mapu pakompyuta. Anatenga zimene Yotamu anapeza n'kuika dontho lofiira pa mudzi uliwonse umene tizilombo tinasintha. Anzake anangoona madontho omwazikana. Iye anayang'ana madonthowo masiku awiri osalakalaka ndi chakudya chomwe, kenaka anaikapo masiku amene Fatsileni analemba. Pamenepo anaona kuti madontho akuyenda. Ankatsata msewu wa malole a mpunga, msika ndi msika, kumene aganyu okweza matumba amagona pakhonde opanda neti. Msika wotsatira unali wa Kamphinda, kumene sikunachokere kapepala ndi kamodzi komwe, chifukwa dera la Fatsileni linkathera pamtsinje. Ndaziona sanadikire msonkhano wa mwezi wamawa. Anagogoda ofesi ndi ofesi mpaka anamupatsa katoni ya mankhwala ena, ndipo anaitumiza pa minibasi limodzi ndi mapu ku chipatala chaching'ono cha kumeneko.

Patapita masiku anayi, Siliya anafika pachipatalapo atamunyamula pa kabaza. Mankhwala a masiku atatu anali atamwa onse, koma thupi linali moto, akubwebweta, ndipo mwana m'mimba anali atasiya kugunda. Dokotala anali atatambasula kale dzanja kuti atenge mankhwala omwe aja. Potembenuka anaona mapu amene anali atangowamata pakhoma, muvi wofiira utaloza pa Kamphinda. Anatsegula katoni yatsopano ija. Tsiku lachiwiri Siliya anapempha madzi akumwa, ndipo madzulo ake anagwira pamimba nati, "Wagunda!" Patatha mwezi anachira mwana wamkazi.

Mchombo utagwa, abale ake atatu aja anabwera kudzaona khanda likutuluka m'chikuta. Siliya anati, "Achemwali, achimwene, mwanayu ndi mmodzi ndipo dzina ndi limodzi. Amene anatipulumutsa ndiye amutche."

Fatsileni anaonetsa chipsera cha mwala pachipumi nati, "Ndani anayamba kukayika? Onse ankati odwala ndi abodza. Ndikanakhala pansi, iwe Yotamu ukanayeza chiyani?"

Yotamu anati, "Achemwali, timapepala tanu tikanangodyedwa ndi mphemvu m'kabati. Magazi salankhula okha. Ndikanasaina lipoti lija, nkhani ikanathera pomwepo."

Ndaziona anati, "Inu achemwali ku Kamphinda simunafikeko. Inu achimwene munayeza magazi a anthu ena, magazi a Siliya simunawaone. Amene anadziwa kumene matenda akulowera asanafike ndine."

"Ndipo madontho akowo unawatola kuti?" anafunsa Fatsileni. "Unanyowapo miyendo iwe?"

Dzuwa linapendeka akukanganabe. Fatsileni anakwera njinga yake chifukwa kunali odwala ena omudikira. Yotamu anathamangira minibasi, poti timapepala tatsopano tinali titafika kuchokera kuboma lina. Foni ya Ndaziona inalira kumuuza kuti dontho lina lofiira laoneka kumsika wa kutsogolo. Onse anachoka osagwirana chanza.

Mpaka lero Siliya akapita kusikelo, namwino amatsegula kabuku ka mwanayo n'kupeza mzere wa dzina uli mbee. "Mayi, mwanayu ndani?" amafunsa motero. Siliya amangoyang'ana kumsewu, akulisisita khanda lake kumsana.

Tsono inu amene mwamva nkhaniyi, muthandizeni mayiyu, mwana akukula. Pakati pa amene anatola magazi m'midzi, amene anaona kuti tizilombo tasintha, ndi amene anadziwa kumene tikulowera, ndani woyenera kumutcha dzina mwana wa Siliya?