Mbande za Kumanda

Kalekale, ana inu, kunali mudzi patsinde pa phiri la nkhalango yowirira, yodontha madzi ngakhale m'chilimwe. Koma anthu ake anali okonda nkhwangwa. Kudula, kuotcha, kulima. Chaka china, kudula, kuotcha, kulima. Phiri linameta mpala, mvula inanyanyala, kasupe anauma gwaa. Mitengo inangotsala kumanda, poti kumeneko munthu sadulako nkhuni.

Anthu anagwirizana zosamuka. Anakana ndi mmodzi yekha, Chidzanja, wokumba manda, amene mkazi wake Nasiketi anagona kumandako.

"Pitani," anatero. "Ine a Nasiketi sindiwasiya okha."

Chidzanja ankadziwa chimene anzake sankadziwa. Akamakumba manda, dothi la pansi pa mitengo ija linkatuluka lonyowa, pamene la kumunda linali fumbi lokhalokha. Ndiye anazula mbande za mkuyu ndi katope kumandako, nakazibzala mozungulira kasupe. Kuzula, kubzala, kuthirira. Madzi ankakatunga kutali kumtsinje, mtsuko pamutu, anthu akumuseka.

Kusekako kunasanduka mkwiyo, pakuti za kumanda sizibwera kumudzi. Mlamu wake Kadammanja anafika ndi nkhwangwa paphewa.

"Alamu, mwatiputira mizimu! Ndidula zonsezi."

"Dulani, alamu," anayankha Chidzanja. "Koma kamene mwayang'anako ndinakazula kumutu kwa mayi anu."

Kadammanja anayang'ana kamtengo, anayang'ana nkhwangwa, nabwerera osacheuka. Kuyambira tsikulo palibe anayerekeza kuthyolapo ngakhale mswachi. Amuna omwe anamaliza nkhalango yonse ankalambalala timitengo tolekeza m'mawondo. Ndi mbuzi zomwe ankazimangirira kutali.

Ambiri anasamukadi, Kadammanja ali patsogolo. Mabanja ochepa anatsalira, naphunzira kuthirira. Mitengo inakula, mbalame zinadya nkhuyu n'kukafesa ina kuphiri. Chidzanja anakalamba, namwalira.

Osamuka aja anabwera kumaliro atasenza madzi m'zipanda, poti ankakumbukira mudzi wa ludzu. Atamuika pambali pa Nasiketi, eni mudzi anawauza kuti atule zipandazo, akasambe m'manja kukasupe monga mwa mwambo. Anapeza madzi akutumphuka pakati pa mizu, ozizira zii. Kadammanja, imvi zili mbuu, anagwada, nasamba, nalira mokweza kuposa kumanda.

Madzi mwamwa lerowa ndi omwewo. Ndipo magazi a Chidzanja akuyenda mwa ine ndi mwa inu, ndimanena osatsitsa mawu.

Nthano yanga yagona pamenepa, ikwirireni. Mtengo wamoyo muziupatsa ulemu umene mumapatsa manda.