Madiresi Atatu a Anagama

Kalekale, komatu si kale la anthu ovala nyanda ayi, kale la dzana lomweli mafoni atayamba kulira m'matumba, ku Balaka kunali mayi wamasiye dzina lake Anagama. Anabereka ana atatu, ndipo onse atatu dziko linawameza. Woyamba, Tiyanjane, anapita ku Amereka kukasamalira odwala. Wachiwiri, Kenani, anatsetserekera ku Joni kukayendetsa mathiraki. Chitsirizira, Dziwani, anapita kusukulu ku Chaina, sukulu n'kutha, iye osabwerako.

Zaka zisanu ndi zinayi Anagama ankangowamva ana awo pa kafoni ka mabatani, kopanda zithunzi. Basi ikaima pamsewu, ankasiya tsache pansi n'kuyang'ana otsika mmodzimmodzi mpaka womaliza wa nkhuku m'khwapa. Kenako ankatola tsache lija n'kusesanso pamene asesa kale. Bwalo la Anagama linali loyera moti nyerere ikamadutsa inkachita kuvula nsapato.

Tsiku lina adokotala anawamvetsera pachifuwa nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Amayi, mtima wanuwu watopa. Zokhala nokha zatha. Ulendo wautali mungaukwanitse umodzi wokha, ndipo komwe mukafikeko n'komweko."

Ana atamva, kafoni kaja kanatentha. Tiyanjane, Chichewa chake chikutulukira m'mphuno, akuti, "Mami, bwerani kuno, chipatala chili pakhomo penipeni." Kenani ndi mawu ake a injini ya thiraki akuti, "Amayi, Joni ndi pafupi, mukamwalira sitidzavutika kukubweretsani." Dziwani anangoti, "Amayi, chipinda chilipo."

Anagama anasowa tulo ndi chakudya chomwe. Kusankha mmodzi kunali kutsanzika awiri mpaka kalekale. Ndiye anawauza onse mawu amodzi: "Aliyense anditumizire diresi la pa ulendo. Ndipita kwa mwana amene akundidziwabe."

Tiyanjane anaimba tsiku lomwelo. "Mami, saizi yanu n'chiyani?" Anagama moyo wawo wonse sanagulepo chovala ndi nambala. Pa kaunjika munthu umatola diresi, kuliika pachifuwa, kufunsa mnzako kuti likukhala bwanji, basi. Koma pofuna kuti asaoneke otsalira, anatenga diresi la kaunjika limene ankavala masiku amenewo, kulitembenuza pakhosi, n'kupeza kansalu kolembedwa 14. "Folotini, mwanawe." Tiyanjane analemba nambalayo padzanja, kulowa m'sitolo yaikulu ngati bwalo la mpira, n'kugula folotini wodula kuposa onse. Mawu a mayi ake sanawawonjezere kapena kuwachotsera.

Kenani sanafunse kanthu. Anauza anzake kuti, "Ine kufunsa saizi ya mayi anga? Mayi amene ndinkati ndikawakumbatira zala zanga zinkangogundana nsonga kumsana?" Analowa m'sitolo ya ku Joni n'kupeza manambala ena ndithu, 36, 40, 44. Iye osawayang'ana n'komwe. Anayamba kukumbatira zidole zovekedwa madiresi, ichi n'kuchisiya, icho n'kuchisiya, mlonda akumutsata pambuyo ndi chibonga. Atafika pa chidole china chojintcha, zala zinagundana nsonga. Munthu wamkulu wandevu anaima pomwepo atachikumbatira, misozi chuchuchu, mpaka mlonda uja anabisa chibonga n'kumusisita paphewa.

Dziwani anaimba patapita masiku atatu. Anati, "Amayi, ndisakunamizeni. Ndikatsinzina, nkhope yanu ndimaiona. Koma thupi lanu ndaliiwala. Sindikudziwa ngati mumandifika paphewa kapena pakhutu. Pitani kwa atelala akakuyezeni ndi chingwe, amange mfundo ya pachifuwa, ya m'chiuno ndi ya msinkhu." Anagama anachita zimenezo mtima ukuwawa, ndipo chingwecho chinapita ndi mayi wina wokaoda katundu ku Chaina. Dziwani anayenda nacho msika wonse, akuchiyala pa diresi lililonse, mpaka mfundo zitatu zija zinagwera m'malo mwake.

Maphukusi atatu atafika, Anagama anawanyamula kupita nawo pakhonde la Che Sumaili, telala amene anawasokera kuyambira ali mtsikana. Che Sumaili anali munthu wa tepi m'khosi, mapini pakamwa, ndipo ankalankhula mapiniwo osagwa. Anatchinga ngodya ya khonde ndi chitenje, Anagama n'kulowa kuseri.

Anayamba ndi la ku Amereka. Chitenje chitatseguka, panatuluka diresi likuyenda lokha. Anagama anali m'katimo, koma kuti uwapeze unayenera kuitana. Mukanalowanso mbuzi ziwiri ndi njinga, malo n'kutsalabe.

"Anagama, mulipo?" anafunsa Che Sumaili.

"Ndilipo, koma sindikudziwa kuti ndili mbali iti. Mwana ameneyu akundiyesa nkhokwe?"

Che Sumaili anatembenuza pakhosi. "Folotini. Munamuuza folotini?"

"Ndinamuuza."

"Ndiye mwana sanalakwe. Lija munawerengapo nambala lija ndinalibweza mpendero ine, ndi la ku Mangalande. Folotini wa ku Mangalande ndi folotini wa ku Amereka ndi anthu awiri osadziwana, ngakhale pa maliro sanakumanepo."

"Nambala n'kusiyana bwanji? Kilo ya shuga ku Ntcheu ndi ku Zomba si imodzimodzi?"

"Shuga alibe chiuno, Anagama. Dziko lililonse linayeza anthu akwawo n'kuyamba kuwerenga pamene lafuna. Awa amayeza ndi mainchi, awo ndi masentimita, enanso amangolemba zilembo. Ndipo m'dziko limodzi lomwelo mafakitale sagwirizana. Ena ndi akathyali, amasoka diresi lalikulu n'kulembapo nambala yaing'ono kuti mayi wonenepa aziti, taonani ndaphwa, n'kugula awiri." Apa Che Sumaili anakoka mimba m'kati n'kuyenda monyang'wa pakhondepo, mapini ali pakamwa.

Anagama anaseka pang'ono, n'kubwerera kuseri.

La ku Joni linali lobiriwira, mtundu umene Anagama ankaukonda, la matumba awiri oikamo mpango ndi kafoni. Msinkhu linafika pamene amafuna. Koma mapewa anagwa, ndipo m'chiuno munatsala malo oti n'kupisamo mtsamiro.

"Ameneyunso waphonya," anatero Anagama.

Che Sumaili analavulira mapini m'dzanja, kulowa m'nyumba, n'kutuluka ndi kope lakale la miyeso lodyedwa ndi mphemvu m'mbali. Anatsegula masamba mpaka anapeza dzina la Anagama. Anayala diresi pathebulo, kuliyeza pachifuwa, kuyang'ana m'kope, kuliyeza m'chiuno, kuyang'ananso.

"Iyi ndi miyeso yanu ya chaka chimene Kenani ankanyamuka. Palibe ndi theka la inchi lomwe lasiyana. Diresi ili ndi la Anagama ndithu. Kungoti inuyo ndi amene mwachokamo."

Anagama anagwira nsalu yotsala m'chiunoyo n'kuifinya m'manja. Sankadziwa kuti atha chonchi. Kunyumba kwawo kunalibe munthu woti n'kuwauza.

La ku Chaina linalowa ngati madzi m'botolo. Pachifuwa ndendende, m'chiuno ndendende, msinkhu ndendende. Amayi ogulitsa tomato tsidya la msewu anasiya kuitanira malonda n'kumayang'ana. Anagama anatembenuka kawiri, kenako anati, "Tandiwerengereni pakhosipo."

"Palibe nambala. Pali ma X atatu ndi L."

"Ma X atatu? Ngati aphunzitsi akuchonga masamu olakwa?"

"Akutanthauza chachikulu, chachikulu, chachikulu zedi."

"Ine wothera m'diresi la Kenani uja, ku Chaina ndine chachikulu zedi?"

"Fakitale imeneyo inayezera anthu a matupi ang'ono. Kumeneko mukakatsika ndege adzaitana atolankhani."

Anagama sanaseke. Anadziyang'ana pa galasi losweka la Che Sumaili, diresi litawakhala bwino kuposa chovala chilichonse chimene anavalapo chibadwire, koma m'khutu munkamveka mawu aja akuti thupi lanu ndaliiwala.

Anavula, kuvalanso zawo zakale, n'kukhala pa benchi madiresi atatu ali pamiyendo.

"Che Sumaili, inu mwaona matupi ambiri. Ndipite kwa ndani?"

"Ine ndimadziwa kubweza nsalu, Anagama. Lalikululi ndingalidule mawa lomwe, lobiriwirali ndingalipinde m'chiuno. Koma zimene mukufunsazo makina angawa sasoka."

Anagama anasisita la ku Amereka. Mwana uyu anafunsa, anamvera, ndipo akanamuuza kuti saizi yawo ndi handiredi akanasaka handiredi mpaka kumupeza. Anasisita la ku Joni. Uyu anawasunga m'manja mwake zaka zonsezi osataya ndi inchi yomwe, koma mayi amene anasungayo kulibenso, ndipo akadzawaona pa depoti mwina adzawadutsa. Anasisita la ku Chaina. Uyu anaiwala, anavomera kuti waiwala, ndipo ndi yekhayo amene anafuna kudziwa mmene mayi ake alili lero.

Kafoni kanayamba kulira m'chikwama. Anagama sanakatulutse kuti aone woimba. Kanalira, kanasiya, kanayambanso.

Tsono inu amene mwamva nkhaniyi, musandiyang'ane ine, ine ndangoinyamula. Mayiyu ali ndi ulendo umodzi wokha, ndipo analonjeza kuti apita kwa mwana amene akumudziwabe. Kodi ameneyo ndi Tiyanjane amene anagwira mawu awo, Kenani amene anakumbukira thupi lawo lakale, kapena Dziwani amene anati ndaiwala n'kutumiza diresi lowakwana? Anagama akwere ulendo wopita kwa ndani?